Musanathamangire kosindikiza: mafunso ndi mayankho kwa olemba buku loyamba

Masiku ano kutulutsa buku sikulinso kovuta monga kale. Munthu akakhala ndi laputopu, fulashi ndi ndalama ya dipoziti, pakangotha masabata ochepa makatoni a mabuku okhala ndi dzina lake pachikuto amakhala atafika pakhomo. Abusa, aphunzitsi opuma pantchito, amalonda ndi achinyamata olakatula ndakatulo, onse akulemba, ndipo zimenezi n'zokondweretsa. Pamodzi ndi iwo pabweranso alangizi a olemba, amene amalonjeza kumuyendetsa munthu kuchokera pa ganizo mpaka pa tsiku lokhazikitsa buku. Mayankho onse ali m'munsiwa atsamira pa mfundo imodzi: wodzisindikizira buku amachotsa kampani yofalitsa mabuku, koma ntchito zomwe kampaniyo inkagwira sizichoka, ndipo yaikulu mwa izo ndi ya munthu wolimba mtima wonena kuti, "Bukuli lisatuluke kaye."

Funso: Kodi mlangizi wa olemba amagwira ntchito yanji, poti nkhani ndi yanga ndipo wolemba ndi ine?

Yankho: Ntchito yake ndi kuwerenga zomwe mwalemba ndi maso a munthu wosakudziwani. Wolemba aliyense ali ndi vuto limodzi losathawika: akamabwereza zolemba zake amawerenga zomwe zili m'mutu mwake, osati zomwe zili papepala. Mayi wolemba mbiri ya moyo wake akalemba kuti "chaka chimenecho zinthu zidavuta kwambiri", iye amaona zonse: nkhokwe yopanda kanthu, mzere wogula chimanga ku ADMARC kuyambira mbandakucha, mwana wotentha thupi ali kumsana. Wowerenga saona chilichonse mwa zimenezi, amangopeza mawu asanu ouma. Mlangizi wabwino amalemba m'mbali mwa chiganizocho kuti, "Zidavuta bwanji? Munkadya chiyani? Mudagulitsa chiyani kuti mupeze ufa?" Mayiyo akayankha mafunsowa, mawu asanu aja amasanduka masamba atatu amene wowerenga sangawaiwale. Nkhani ikadali ya mayiyo. Mlangizi wangomuonetsa pomwe adaitsekera m'mutu.

Pali anthu atatu amene ambiri amawasokoneza. Mlangizi amayenda nanu pamene mukulemba: amakuthandizani kudziwa amene mukumulembera, kusanja mitu ya buku, ndi kusunga tsiku lomwe mudapangana kuti mutu wakutiwakuti ukhale utatha. Mkonzi amabwera zolemba zitatha, n'kugwira ziganizo ndi kalembedwe ka mawu. Wosindikiza ndi mwini makina, ndipo amasindikiza chomwe mwam'patsa. Mukalakwitsa dzina la agogo anu, cholakwacho chidzatuluka m'makope onse, pakuti kuwerenga si ntchito yomwe mudam'lipira. Olemba ambiri atsopano amangodziwa wachitatuyu, n'chifukwa chake buku limachoka pa laputopu n'kulunjika ku makina popanda munthu wina aliyense wolitsutsa.

Funso: Ena amati luso lolemba n'lobadwa nalo. Ngati ndili nalo, mlangizi ndi wachiyani? Ngati ndilibe, angandipatse?

Yankho: Mawu amenewa ali ndi choonadi chake. Palibe mlangizi amene angaike mwa munthu khutu lomva kukoma kwa mawu, kapena mtima woona zomwe ena sazilabadira. Koma mbiri ya mabuku otchuka ikutsutsa zoti waluso amadzikwanira yekha. Mu 1957 Harper Lee wa ku America adapereka zolemba zake ku kampani ya J. B. Lippincott. Mkonzi wa kumeneko, Tay Hohoff, adaona kuti luso lilipo koma buku silidakhwime, ndipo adagwira naye ntchito kupitirira zaka ziwiri, kulemba ndi kulembanso, mpaka mu 1960 mudatuluka To Kill a Mockingbird. Zolemba zoyamba zija zidadzasindikizidwa mu 2015 pa mutu wakuti Go Set a Watchman, kotero aliyense atha kuika mabuku awiriwa pamodzi n'kudzionera yekha kusiyana kwa chomwe wolemba adabwera nacho ndi chomwe dziko lidakonda. Mu 1962, pa msonkhano wa olemba a mu Afirika ku Makerere m'dziko la Uganda, Ngũgĩ wa Thiong'o, ali wophunzira, adapatsa Chinua Achebe zolemba zake kuti aziwerenge. Achebe adazifikitsa ku kampani ya Heinemann, ndipo Weep Not, Child lidatuluka mu 1964.

Kuno kwathu umboni uli pa Chancellor College, pomwe mu 1970 padayamba gulu la olemba lotchedwa Writers Group. Ankakumana sabata ndi sabata, wina n'kubweretsa ndakatulo kapena nthano yake, anzake n'kuisanthula popanda kunyengerera. M'gulumo mudadutsa anthu ngati Jack Mapanje, Frank Chipasula, Lupenga Mphande, Steve Chimombo ndi Anthony Nazombe. Onsewa luso adali nalo kale, koma sadaone chamanyazi kuika zolemba zawo patebulo kuti anzawo azitsutse. Luso limayambitsa buku, koma chomwe chimalimaliza ndi kulembanso, ndipo munthu salembanso bwino popanda womuuza pomwe nkhani ikutsimphina. Kusiyana kwake ndi kwakuti Harper Lee adapeza mkonzi akumudikira pa kampani, osalipira kanthu. Wodzisindikizira sadikiridwa ndi munthu. Akapanda kumufunafuna yekha, buku lake loyamba lidzakhala zolemba zoyamba zovekedwa chikuto.

Funso: Nkhani ndakhala nayo m'mutu kwa zaka zambiri, koma poyambira sindipadziwa. Mlangizi wabwino angandiyambitse bwanji?

Yankho: Amayamba ndi mafunso awiri, osati ndi dzina la buku kapena maonekedwe a chikuto. Loyamba ndi lakuti, adzawerenge ndani? "Aliyense" si yankho. Buku la ulimi wa nkhuku lolembera mayi woweta nkhuku 50 kuseri kwa nyumba ku Ndirande silingafanane ndi lolembera wophunzira wa ku Bunda, ngakhale mfundo zake zitakhala zomwezo. Nkhani ya chilankhulo imathera pomwepa. Ambiri amasankha Chingerezi pofuna ulemu, chonsecho owerenga awo amaganiza, kuseka ndi kupemphera m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao. Kulemba m'chilankhulo chakwanu sikutseka makomo. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adalemba Nthondo m'Chichewa. Bukulo lidapambana mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Afirika, lidatuluka mu 1933, ndipo Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934 pa mutu wakuti Man of Africa. Funso lachiwiri ndi lakuti, kodi bukuli likunena chiyani, m'chiganizo chimodzi? Wolephera kuyankha amakhala kuti ali ndi mabuku awiri kapena atatu opiringizana, ndipo ntchito yoyamba ndi kuwalekanitsa.

Zikatero, mitu yonse ilembedwe pa pepala limodzi, uliwonse ndi mizere iwiri yonena zomwe mudzakhale m'menemo. Kenako pakhale pangano la nthawi. Masamu ake ndi osavuta: mawu 300 pa tsiku, masiku asanu pa sabata, ndi mawu 1,500, pakatha masabata 20 ndi mawu 30,000, omwe ndi buku la masamba pafupifupi 120 la kukula kwa A5. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Phindu la mlangizi pa nthawi imeneyi ndi lakuti pali munthu amene akudikira mutu wachitatu Lachisanu, pakuti mabuku ambiri samafera kusowa luso koma kusowa wowafunsa. Pa gawoli mlangizi wanzeru sathamangira kukonza timizere ndi mipumiro, chifukwa ndime yomwe angaikongoletse lero mwina mawa idzachotsedwa yonse. Chimodzi chokha amachiumirira: kuti tsiku lililonse muzidzitumizira zolembazo pa imelo, kuti laputopu ikabedwa kapena ikapsa, buku lisapite nayo.

Funso: Mlangizi akandikonzera zambiri, kodi bukulo likhalabe langa?

Yankho: Mantha amenewa ndi omveka, ndipo pali alangizi amene amawatsimikiza. Malire ake ndi awa: mlangizi amaonetsa vuto, koma yankho limachokera kwa inu. Akanena kuti mutu wachiwiri ukutopetsa chifukwa mwafotokoza ulendo wa basi masamba asanu ndi limodzi nkhani isanayambe, wagwira ntchito yake. Akatenga ziganizo zanu n'kuzilembanso mpaka agogo a ku Ntcheu ayambe kulankhula ngati mphunzitsi wa ku yunivesite, wadumpha malire. Kalankhulidwe ka kwanu, miyambi ya kumudzi kwanu, ngakhale kupindika kwa mawu kwa anthu a m'nkhani yanu, ndicho chuma chomwe wolemba wina alibe. Ngati chomwe mukufuna ndi munthu wokulemberani, imeneyo ndi ntchito ina, ndipo ilibe manyazi bola zikhale poyera. Buku la William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind, lomwe lidatuluka mu 2009, adalilemba limodzi ndi mtolankhani Bryan Mealer, ndipo maina onse awiri ali pachikuto. Pa za malamulo, lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza wolemba, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira nkhani zimenezi. Komabe ndi bwino kuti mgwirizano wanu ndi mlangizi unene momveka kuti malangizo ake sam'patsa gawo lililonse pa umwini wa buku.

Mbali ina ya nkhaniyi ifunikanso kunenedwa. Olemba ena amabisala kuseri kwa mawu akuti "ndi kalembedwe kanga" pokana kudzudzulidwa kulikonse. Kalembedwe si kubwereza mfundo imodzi kanayi, kapena kusintha dzina la mpangankhani pakati pa buku. Owerenga atatu osadziwana akapunthwa pa tsamba limodzi, vuto lili pa tsambalo, osati mwa owerengawo. Muli ndi ufulu wokana njira yomwe mlangizi wapereka yokonzera, koma musakane kuti pali chofunika kukonza. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ndi bwino kutsinidwa ndi munthu mmodzi m'chipinda kusiyana ndi kutsinidwa ndi owerenga buku litatuluka kale.

Funso: Bwanji osangopereka zolemba zanga ku kampani yofalitsa mabuku? Kodi kudzisindikizira si chizindikiro choti buku lidakanidwa?

Yankho: Ngati buku lanu likugwirizana ndi zomwe kampani ina imatulutsa, yesani kumeneko kaye. M'Malawi muli maina odziwika monga Dzuka, CLAIM, Kachere ku Zomba, Luviri Press ku Mzuzu ndi Montfort Media ku Balaka, ndipo aliyense ali ndi mtundu wa mabuku omwe amaukonda. Koma tidziwe momwe msika ulili. Ndalama zambiri za mabuku m'dziko muno zili m'mabuku a sukulu, amene amalembedwa motsata silabasi yokonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Kampani itha kukana nthano yabwino kapena ndakatulo zokoma, osati chifukwa n'zoipa, koma chifukwa siikuona momwe ndalama yake idzabwerere. Choncho kudzisindikizira si chitonzo. Steve Chimombo adakhazikitsa WASI Publications ku Zomba n'kutulutsiramo mabuku ake ambiri. Koma tisaiwale kuti iye adafika pamenepo atakhala zaka zambiri akutsutsidwa ndi kutsutsa zolemba za ena. Adadzitengera ntchito ya kampani akuidziwa.

Ntchitoyo ili ndi mbali zisanu ndi imodzi: kusankha zoyenera kutuluka, kukonza, kuyala masamba ndi kujambula chikuto, kulipira osindikiza, kusunga mabuku, ndi kuwafikitsa kwa ogula. Wodzisindikizira amalandira zonsezi pamutu pake. Zinayi zomalizazi sangazithawe, chifukwa popanda izo palibe buku logwirika m'manja. Ziwiri zoyambazo ndizo amazidumpha, chifukwa pa tsiku lokhazikitsa buku palibe amene amaziona. Zili ngati njerwa zosapsa: zikakhala pamulu zimaoneka bwino ngati zinzake, koma mvula yoyamba imaulula. Mvula ya buku ndi wowerenga wosakudziwani, amene walipira ndalama yake ndipo alibe chifukwa chokukomerani mtima. Iye akapeza zolakwa pa tsamba loyamba ndi nkhani yobalalika pa tsamba la khumi, samangotaya buku lanu lokha. Amayamba kukayikira buku lililonse lolembedwa ndi Mmalawi, ndipo wolemba wotsatira amalipira ngongole yomwe sadatenge. N'chifukwa chake nkhani ya ulangizi si ya wolemba mmodzi yekha, ndi ya tonse amene tikufuna kuti mabuku akwathu azigulidwa.

Funso: Ndamaliza kulemba. Chatsala n'chiyani bukuli lisanapite ku makina?

Yankho: Choyamba, lisiyeni kwa masabata angapo osalitsegula, kuti mudzaliwerenge ngati mlendo. Kenako kukonza kuyende m'magawo atatu, ndipo ndondomeko yake isasokonezedwe. Gawo loyamba ndi la thunthu la buku: mitu yosafunika ichoke, yosowa ilembedwe, yosemphana isinthane malo. Lachiwiri ndi la ziganizo, ndipo njira yotsika mtengo koposa ndi kuwerenga mokweza. Pomwe lilime lapunthwa, chiganizo chili ndi vuto. Lachitatu ndi losaka zolakwa zing'onozing'ono, lomwe lichitike masamba atayalidwa kale, ndipo alichite munthu amene sadaliwerengepo bukulo. Kwa olemba m'Chichewa gawoli n'lofunika kwambiri, chifukwa kawirikawiri kompyuta sikonza Chichewa, ndipo nthawi zina imasintha mawu athu kuwasandutsa a Chingerezi osatiuza. Malamulo a kalembedwe alipo: bungwe la Chichewa Board lidawakonzanso mu 1990, ndipo kuyambira 1996 ntchito yoona za zilankhulo ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba, omwe adatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Buku lisalembe "m'nyumba" pa tsamba lina ndi "mnyumba" pa linzake, kapena kusakaniza "adapita" ndi "anapita" popanda chifukwa. Maina a anthu, zaka ndi mavesi a m'Baibulo zitsimikizidwe chimodzichimodzi. Wolemba mbiri ya moyo wake asamale zomwe akunena za anthu amoyo, ndipo zithunzi kapena mawu a nyimbo za ena zimafuna chilolezo cha eni ake.

Pali za boma ziwiri. Nambala ya ISBN, ya manambala 13, ndiyo imazindikiritsa buku ku masitolo ndi ku malaibulale padziko lonse, ndipo kuno imatengedwa ku National Archives ku Zomba. Lamulo limafunanso kuti kope la buku lililonse lotuluka m'dziko muno likasiyidwe komweko. Chomaliza ndi kope loyesera. Musalole makina kuyamba musanaligwire m'manja. Litsegulani pakati n'kukoka tsamba limodzi kuti muone ngati guluu wagwira. Onani ngati mawu sakulowa kumsana kwa buku mpaka munthu azichita kulithyola kuti awerenge. Onani ngati zithunzi sizidasanduke mdima wokhawokha, ngati manambala a masamba akugwirizana ndi zamkatimu, ndiponso ngati dzina lanu lalembedwa bwino pachikuto ndi kumsana. Mukasainira kope limenelo, cholakwa chilichonse chotsala ndi chanu.

Funso: Nanga za ndalama? Ndisindikize makope angati, ndipo mwambo wokhazikitsa buku sungabweze zonse zomwe ndawononga?

Yankho: Mapepala ndi inki zimachokera kunja, choncho mtengo wosindikizira umayenda ndi mphamvu ya kwacha. Ndalama yathu idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo womwe wosindikiza wakupatsani lero sungadikire miyezi itatu. Osindikiza adzakuuzani zoona kuti makope akachuluka, mtengo wa kope limodzi umatsika. Apa ndi pomwe ambiri amakodwa: amasindikiza makope 1,000 pofuna mtengo wotsika, n'kugulitsa ochepa, otsalawo n'kumadyedwa ndi chinyontho ndi chiswe pansi pa bedi. Kope lotsika mtengo lomwe silidagulidwe ndi lodula kuposa onse. Mlangizi woona amakukhazikani pansi kuti mulembe njira zenizeni zomwe bukuli lidzadutse: mpingo uti, sukulu ziti, sitolo iti, msonkhano uti, ndipo paliponse makope angati. Chiwerengero chimenecho ndicho chipite kwa osindikiza, ndipo makina amakono amalola kuyamba ndi makope 50 kapena 100, n'kuwonjezera akatha. Poika mtengo wa buku muwerengere zonse: mkonzi, chikuto, kusindikiza, mayendedwe, makope opereka ulere, ndi gawo la eni sitolo, amene nthawi zambiri amalandira mabuku osalipira n'kudzakupatsani ndalama akagulitsa.

Mwambo wokhazikitsa buku tonse timaudziwa: holo yokongoletsedwa, mlendo wolemekezeka akugula kope loyamba pa mtengo wokwera, achibale ndi anzathu akupikisana kutchula ndalama, ena kulonjeza zodzapereka kumapeto kwa mwezi. Ndi mwambo wabwino ndipo umathandiza kubweza ndalama. Koma chomwe chimagulidwa tsiku limenelo ndi ubale, osati buku. Anthuwo akadaperekabe ngakhale masamba akadakhala opanda kanthu. Mayeso enieni amabwera patatha miyezi itatu, pamene munthu wosakudziwani afunsa bukulo chifukwa mnzake wamuuza kuti ndi labwino. Zimenezo sizigulidwa ndi holo kapena zakumwa, zimagulidwa ndi kukonza. Choncho ndalama zikachepa, chepetsani makope, chepetsani mwambo, koma musachotse mkonzi.

Funso: Kodi intaneti sidathetse mavuto onsewa? Ndimamva kuti pa Amazon munthu amangoika buku ulere.

Yankho: Ndi zoona kuti kuyambira 2007 Amazon imalola wolemba kudziikira buku lake popanda kulipira, ndipo pa mabuku owerengedwa pa foni kapena pa kompyuta imapereka kwa wolemba 70 kapena 35 peresenti, malinga ndi mtengo womwe waika pa bukulo. Imasindikizanso kope la pepala pokhapokha wina akaligula, zomwe zimathandiza kufikira abale athu a ku Johannesburg kapena ku London popanda kutumiza makatoni. Koma mlangizi woona amakuuzaninso mbali inayo. Pa malonda a ku America boma la kumeneko limadula msonkho wa 30 peresenti kwa olemba a m'maiko omwe alibe nalo pangano la misonkho, ndipo Malawi ali m'gulu limenelo. Amazon ili ndi mndandanda wa zilankhulo zomwe imalandira, ndipo zambiri za mu Afirika sizili pamenepo. Komanso wowerenga wa ku Mchinji kapena ku Mulanje amagula ndi Airtel Money kapena Mpamba, osati ndi khadi la ku banki yakunja. Ndipo buku lotumizidwa pa WhatsApp likangofika kwa munthu mmodzi, limafalikira m'magulu popanda tambala yobwerera kwa mwini wake.

Chachikulu n'chakuti intaneti idachotsa mlonda wa pachipata, koma sidachotse kufunika kwa wotsutsa. Andy Weir, amene ambiri amam'tchula ngati chitsanzo cha wodzisindikizira wopambana, ankatulutsa The Martian mutu ndi mutu pa tsamba lake la intaneti, owerenga odziwa sayansi n'kumamuuza pomwe walakwitsa, iye n'kumakonza. Pomwe kampani ya Crown inkalitulutsa mu 2014, bukulo lidali litadutsa kale m'maso ambiri osanyengerera.

Funso: Ndingamudziwe bwanji mlangizi woona? Ndipo ngati ndilibe ndalama yomulipira, ndisiye kulemba?

Yankho: Muyeseni ndi ntchito zake. Pemphani mabuku awiri kapena atatu omwe adathandiza, muwerenge masamba khumi a lililonse, ndipo mulankhule ndi eni ake. M'patseni mutu umodzi kaye muone zomwe abweze: ngati wangolemba kuti "zili bwino kwambiri", sadawerenge kapena akuopa kutaya kasitomala. Pakhale mgwirizano wolembedwa wonena ntchito yomwe agwire, nthawi yake, ndi kalipiridwe ka pang'onopang'ono malinga ndi ntchito yomwe yatha. Unenenso kuti ISBN ikhala m'dzina lanu ndipo mafayilo onse omaliza, a masamba ndi a chikuto, adzaperekedwa kwa inu, kuti tsiku lina muthe kusindikiza kwina popanda kupempha. Chenjerani ndi wolonjeza buku m'masabata awiri kapena wolonjeza malonda, pakuti palibe amene angalonjeze zomwe owerenga adzachite. Chenjeraninso ndi amene phindu lake limakula makope akachuluka, chifukwa munthu wotere n'kovuta kuti akuuzeni kuti dikirani. Wina anganene kuti mlangizi aliyense wolipidwa amakhala ndi chiyeso chosangalatsa wom'lipira. Ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake chizindikiro chodalirika koposa ndi chakuti munthuyo adayamba wauzapo wolemba wina kuti buku lake lisatuluke kaye.

Kusowa ndalama si chifukwa chosiyira kulemba, komanso si chifukwa chodumphira kutsutsidwa. Bungwe la olemba la MAWU lakhalapo kuyambira 1995, m'matauni ndi m'makoleji muli magulu a olemba, ndipo pafupifupi dera lililonse lili ndi mphunzitsi wa Chichewa kapena wa Chingerezi wopuma pantchito amene angakondwe kugwiranso cholembera chofiira. Pezani owerenga atatu amene si achibale anu ndipo alibe ngongole ya ulemu kwa inu. Musawafunse ngati bukulo ndi labwino, chifukwa mwaulemu wathu adzavomera. Afunseni kuti adalekezera pati, sadamvetse pati, ndipo akukumbukira chiyani patatha sabata. Mayankho awo muwalembe osadziteteza, mukawaganizire, kenako mulembenso.

Inu amene muli ndi nkhani, ilembeni. Dziko lino likusowa mabuku a anthu ake, makamaka m'zilankhulo zake. Koma buku limakhala zaka zambiri kuposa mwini wake, ndipo adzukulu anu adzakudziwani ndi zomwe zili m'menemo. Musanapereke dipoziti kwa osindikiza, perekani kaye zolemba zanu kwa munthu amene angathe kukuuzani zoona, ndipo akakuuzani, mumvereni.